Talaka Zitatu ndi Madzi a Pamsana

Wonderkop, Marikana
12 Meyi 2024

Alamu anga Che Mwanaidi,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana, ndiponso amalume Che Rahimu. Kodi chimanga mwakolola chokwanira? Kuno kuzizira kwayamba, m'mawa madzi a mu ndowa amaluma zala.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Mukundidziwa, pafoni ndimangoti "eya, eya" mpaka mayunitsi kutha, zimene ndimafuna kunena n'kutsalira kukhosi. Ndiye ndapempha a Abdu, amene amanyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni kuno kupita ku Namwera, kuti akupatsireni pepalali.

Mlongo wanu, Che Halidi, sali bwino. Mutu unayamba kuwawa mwezi watha. Poyamba tinkati ndi phokoso la pansi pa mgodi, poti iwo ntchito yawo ndi yoboola miyala tsiku lonse. Ku kiliniki anawapatsa mapiritsi a mutu, osathandiza. Tsopano si mutu wokha. Lamulungu lapitali anadzuka, n'kuvala ovolosi, jombo ndi chipewa cha kumgodi, n'kukakhala pakhomo pa a Lourenço, madala a ku Tete amene tayandikana nawo nyumba. Ati akudikira chikepe chotsikira pansi. A Lourenço anawafunsa m'chilankhulo chawo cha kumgodi kuti, "Ini ndaba wena, chavuta n'chiyani, Halidi?" Iwo n'kuyankha kuti, "Musandichedwetse, foromani." Tinaseka, ine ndi a Ofélia, akazi awo a madalawo, koma pambuyo pake ndinakalirira kuseri kwa nyumba.

Dzulo anaswali atafulatira kibla, mbali ya ku Maka imene timayang'ana poswali. Nditawauza, anandiyang'ana ngati sanandionepo.

Za mbuzi ya Idi munanena zija, dikirani kaye, chifukwa sabata ino sanapite kuntchito. Mutipangire duwa.

Ine mlamu wanu,
Safina

*

Namwera, Mangochi
21 Meyi 2024

Safina,

Walaikumu salamu. Ife kuno tili moyo. Chimanga n'chochepa, dzuwa linaotcha, koma si nkhani imene ndakulemberera.

Kalata yako yafika dzulo, koma nkhani yeniyeni inafika kale Lachisanu. Ukudziwa bwino zimene zinachitika. Halidi anaimba foni amalume atangobwera kuchokera ku mzikiti, ine n'kuika pa laudi kuti nawonso amve. Anakutchula dzina, nati, "Safina, ndakusiya. Talaka. Talaka. Talaka." Katatu. Ine ndinamva, amalume anamva, Che Zikani amene anabwera kudzabwereka nkhwangwa anamvanso. Ananenanso kuti umamuthirira zinthu m'zakudya. Iwe unali pomwepo, tinkamva mbale zikulira, koma sunatsegule pakamwa. Kodi munthu wosalakwa amakhala chete akamanenedwa zotere?

Amalume anapita kwa ashehe. Ashehe akuti zikakwana zitatu ukwati watha, ndipo palibe kubwererana pokhapokha utakwatiwa kaye kwina. Ndiye usamadzitchulenso kuti mlamu wanga.

Zoti akudwala mutu tamva, koma mutu wa mwamuna suzungulira wokha. Ku Joniko akazi mumaphunzitsana zambiri. Ngati unamudyetsa kondaine n'kupyola muyezo, nena msanga tidziwe kothamangira. Halidi ndinamulera ndine amayi athu atamwalira, ndipo sanadwalepo misala.

Amalume akuti ulongedze zako ubwere ndi Abdu ulendo uno. Halidi amusunge kaye a ku Tete aja mpaka tione chochita.

Mwanaidi

*

Rustenburg
2 Juni 2024

Alamu anga Che Mwanaidi,

Asalamu alaikumu. Ndalemba "alamu" mwadala, ndipo sindifufuta.

Kalata yanu ndaiwerengera pa benchi ya chipatala. Mukuti ndinakhala chete. Inde ndinakhala chete. Ndinali nditagwada ndikutola zidutswa za mbale imene anaswa, kuopa kuti angaponde, chifukwa analibe nsapato kuphazi. Inu munamva mawu. Zimene foni sinakuonetseni ndi izi. Atatha kundisiya ine anatembenukira ketulo imene inali pa sitovu, n'kuiuza kuti, "Nawenso talaka." Kenako anapereka talaka kwa jombo yawo, yakumanzere yokha. Kodi ashehe munawauza za ketuloyo? Nayonso ilongedze ibwere ndi a Abdu?

Sipanapite nthawi anandipempha tiyi, akunditcha "amayi". Tiyiyo sanamwe. Anagwa pansi, thupi lonse kugwedezeka, thovu kukamwa, maso atatembenuka. A Lourenço anathamanga kukafuna galimoto, a Ofélia n'kundithandiza kuwagoneka cham'mbali. Kuyambira tsiku limenelo tili m'chipatala chachikulu kuno ku Rustenburg.

Anawalowetsa m'makina ojambula m'mutu. Adokotala, mayi wachitswana wamfupi, anandionetsa chithunzi. Muli kanthu kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Akuti ndi chithupsa mkati mwa ubongo, ndipo chikufinya malo oganizira. Chingerezi changa mukuchidziwa, ndi cha sitandade 6, koma pali anesi ena achikulire a ku Chipata amene amandimasulira. Akuti chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika kwambiri, ndiye tizilombo timene kwa munthu wamphamvu sitichita kanthu, iwo tawalowa mpaka m'mutu.

Ayamba kuwapatsa mankhwala a TB, koma adokotala akukayikira ngati ndi TB yeniyeni. Akuti kutupa kukatsikako pang'ono achotsa madzi a pamsana kuti akayeze. Afunsa ine ngati mkazi wawo, chifukwa eni ake sakuzindikira.

Za kondaine. Zaka zinayi ndakhala ndikuwaphikira m'kanyumba ka malata kaja, chimene ndimathira ndi mchere. Mawu amenewo akanandinenera munthu wa kumsika sindikanamva kuwawa. Koma inu, amene munandiveka mpango tsiku la nikaha, pomanga ukwati wathu?

Sindibwera.

Mlamu wanu,
Safina

*

Namwera, Mangochi
11 Juni 2024

Kwa Safina, mwana wa malemu Che Jafali,

Asalamu alaikumu. Ndine Rahimu, malume ake a Halidi, nkhoswe amene ndinakhala pamphasa tsiku la nikaha yanu. Ndaimba foni yako kambirimbiri, sukuyankha. Ulemu umenewo ngati ndi wa ku Joni, kuno sitiudziwa. Ndiye ndikulemba kuti usadzanene kuti sunauzidwe.

Madzi a pamsana asachotsedwe. Mlongo wanga, mayi wake wa Halidi, analowa m'chipatala akulankhula. Anamuchotsa madzi amenewo Lachiwiri, Lachinayi tinali kumanda. Ndinavomereza ndine, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamanda paja ndimayang'ana kumbali. Aliyense kuno akudziwa kuti madzi amenewo ndiwo moyo wa munthu. Sindilola kuti singano imodzi idye mayi ndi mwana.

Ulibenso mphamvu yovomereza kanthu pa thupi la Halidi. Za ketulo ndamva, Mwanaidi wandiwerengera, ndipo sindinaseke. Malamulo a chipembedzo si nthabwala. Ine ndinamva mawu a mphwanga akumveka bwinobwino, osati a munthu woledzera. Lachisanu lapitali ndinaima mu mzikiti Swala itatha, n'kudziwitsa anthu onse kuti ukwati wanu watha, kuti pasakhale manong'onong'o. Tsopano ndiwe mkazi wachilendo kwa iye. Kumuvula, kumusambitsa, kukhala pafupi ndi bedi lake, zonsezi ndi haramu kwa iwe. Uwauze madokotala kuti abale ake enieni akubwera.

Matenda osokoneza mutu sachira ndi singano. Abwere kwawo, ashehe amuwerengere Kurani, amwe kombe, madzi otsukira mavesi olembedwa, pakati pa anthu ake. Ndikukonza ulendo.

Rahimu

*

Rustenburg
23 Juni 2024

Amalume Che Rahimu,

Asalamu alaikumu. Idi yabwino, ngakhale yadutsa. Ine ndinaidyera m'wodi, buledi ndi tiyi.

Foni sindinayankhe chifukwa mukanalankhula inu, ine ndikanangoti "eya", ndipo "eya" ameneyo akanapha munthu.

Kalata yanu yapeza madzi atachotsa kale. Anachotsa pa 5 Juni, ndinavomereza ndine. Musaganize kuti sindinaope, amalume. Nanenso ndinakulira ku Namwera, zimene anthu amanena ndimazidziwa. Ndinafunsa anesi a ku Chipata aja kuti, "Kodi madziwa abwereramo?" Anati thupi limapanga ena tsiku lomwelo, monga limapangira malovu. Ndinafunsanso kuti nanga bwanji anthu amafa akachotsedwa. Anati, "Mwana wanga, anthu amabwera ndi wodwala atatha kale, ndiye singano n'kusenza mlandu wa matenda." Za amayi awo sindinena kanthu, sindinalipo, ndipo pepani kuti munazisunga mumtima zaka zonsezi. Koma Che Halidi ndinawagwira ndine mapewa atapinda mawondo. Madzi anatuluka pang'ono, oyera ngati a kumpopi. Mpaka lero ali moyo.

Zotsatira sizinabwere. Akuti kachilomboko kayenera kumera kaye m'botolo kuti akaone nkhope yake, ndipo kamamera mochedwa. Pakadali pano mankhwala a TB sakuoneka kuti akugwira. Dzanja lamanzere lafooka, ndipo agwanso kawiri.

Za ukwati, ndinapita kwa ashehe a mzikiti umene Che Halidi amaswali ku Marikana. Nditafika pakhomo pawo mawu anandithawa, ndinangoyang'ana pansi. Anandilankhulira ndi a Ofélia, Mkatolika, korona ali m'khosi, atafunda mpango wanga. Ashehe anafunsa kuti, "Tsiku limenelo ankadziwa kuti ali kuti?" A Ofélia anati, "Shehe, munthu anapereka talaka kwa jombo." Ashehe anati munthu amene nzeru zamuchokera, ngakhale aphonye Swala alibe mlandu, nanga talaka yake ingagwire bwanji? Kenako anafunsa ngati ashehe a kwathu anauzidwa kuti munthuyu akudwala ubongo. Funso limenelo ndalibweretsa kwa inu. Munawauza? Kapena munangowauza mawu atatu aja?

Mukuti kuwasambitsa ndi haramu. Akadziipitsira pabedi, amalume, wodi ndi yodzaza ndipo anesi ndi ochepa. Ndiwasiye agone momwemo mpaka inu mutamaliza kukonza ulendo?

Munaima mu mzikiti n'kutchula dzina langa pamaso pa amuna onse a ku Namwera. Amayi anga amvera kuchigayo, ufa uli pamutu. Ndinu nkhoswe. Ntchito ya nkhoswe ndimayesa ndi kumva mbali ziwiri. Ine simunandifunse ngakhale funso limodzi.

Safina, mkazi wa Halidi

*

Namwera, Mangochi
3 Julayi 2024

Safina,

Walaikumu salamu. Kalata yako amalume anaiwerenga n'kuiponya pansi. Akuti sanaonepo mwana wamkazi akupanikiza nkhoswe ndi mafunso ngati wapolisi. Akwera ndi Abdu Loweruka lino, akubwera kudzamutenga Halidi. Pa funso lija loti ashehe anauzidwa chiyani, anangotuluka panja.

Katundu wako wa m'nyumba mukumanga kuno ija, mbale, matiresi ndi makina osokera, tinatulutsa n'kukasiya kwa amayi ako. Analamula ndi amalume. Tinanyamula masana anthu akuona, ine ndi amalume ndi Che Zikani ndi akazi awo. Amayi ako sananene kanthu, anangotsegula chitseko n'kuima pambali. Kukhala chete kwanu ndi kwa kumtundu.

Ndikufunse chinthu chimodzi, koma usawauze amalume. Unalemba kuti chitetezo chatsika. Mawu amenewo ndimawamva kuchipatala cha kuno akamalankhula ndi anthu a pamzere uja wa Lachinayi, olandira mabotolo. Kodi ndi zimenezo? Ngati ndi zimenezo, anabweretsa ndani m'nyumba?

Nanga akudya? Kuyambira ali mwana, akadwala sadya china koma phala la mpunga, lamadzimadzi, shuga pang'ono.

Mwanaidi

*

Rustenburg
21 Julayi 2024

Alamu anga Che Mwanaidi,

Asalamu alaikumu. Zikomo pondiuza za phala. Akumwa.

Ndi zimenezo. Ndikukuuzani chifukwa munawalera ndinu, zina adzakuuzani okha. Funso loti anabweretsa ndani sindiyankha. Tinayezetsa limodzi tisanamange nikaha, tinauzidwa limodzi, tinakwatirana tikudziwa. Tonse awiri timamwa ma ARV. Chaka chatha kampani inawasamutsira ku shafuti yakutali kwa miyezi ingapo, ankagona chipinda chimodzi ndi amuna anzawo. Anachita manyazi kutulutsa botolo, n'kusiya kumwa osandiuza. Manyazi amenewo sanawatole ku Joni. Anachoka nawo kwathu komweko, kumene anthu amasuzumira kuti aone amene waima pamzere wa Lachinayi.

Zotsatira za madzi aja zabwera. Si TB. Ndi kachilombo kena ka mtundu womwewo, ngati msuweni wake. Adokotala amakatcha maikobakiteriya, ndi dzina lina lalitali pambuyo pake. Akuti kamakhala m'madzi ndi m'fumbi, tonse timakumana nako, ndipo munthu sapatsira mnzake. Kamagwira okhawo amene chitetezo chawo chagwa, ndipo kufika ku ubongo n'kosowa kwambiri. Iwo akuti chiyambire ntchito anaonapo munthu mmodzi yekha. Ndiye chifukwa chake mankhwala a TB ankangodutsa. Tsopano asintha, awapatsa ena mitundu itatu, oti amwe kupitirira chaka osadumphitsa. Pakanapanda madzi aja, bwenzi akumwabe olakwika.

Amalume anafika. Analowa m'wodi atavala jasi ya a Abdu, akunjenjemera ndi chisanu cha kuno, n'kundipeza ndikuwamwetsa phala. Anangoti, "Tuluka." Ndipo ndinatuluka, alamu. Papepala ndimalimba, koma pamaso pa akulu miyendo yanga imamvera ngakhale mtima ukukana. Kuyambira tsiku limenelo ndimakhala pa benchi ya m'khonde.

Amalume anatenga supuni kuti amalize kuwamwetsa. Che Halidi anatseka pakamwa, n'kuwauza kuti, "Foromani, lero sindilowa shifiti." Malume wawo weniweni, osamuzindikira.

Kenako amalume anauza adokotala, anesi aja akumasulira, kuti akumutenga mphwawo kupita naye kwawo. Adokotala anafunsa kuti, "Mkazi wake ali kuti?" Amalume anati, "Alibe mkazi." Anesi sanamasulire, anayankha okha m'Chinyanja kuti, "Nanga uyo wakhala pano miyezi iwiri, bambo, ndi mlonda?" Adokotala anakana. Anati munthu wogwagwa chonchi sangapirire masiku awiri pa msewu, angakathere pa boda.

Tsiku lachitatu Che Halidi anadziipitsira. Amalume anatuluka m'khonde, n'kuima patsogolo panga akuyang'ana khoma. Kenako anati, "Beseni amasunga kuti?" Ndinawalozera. Anawasambitsa okha. Chilungamo ndinene, anasambitsa, ngakhale ananyowetsa bedi lonse, ndipo potuluka maso awo anali ofiira. Koma sanandiuze kuti ndilowe.

Ndiye mmene zililimu ndi chonchi. Ndimadzuka ku Wonderkop, ndimaphika phala, ndimakwera matakisi awiri, ndimawapatsa amalume chitini pakhomo la wodi, iwo n'kulowa nacho. Phala langa lilibe talaka, limafika pabedi. Ine ndimathera pa benchi. Mwamuna wanga ndimamuonera pa galasi la chitseko.

Za katundu ndamva. Munasenza nawo.

Mlamu wanu,
Safina

*

Rustenburg
4 Ogasiti 2024

Alamu anga Che Mwanaidi,

Asalamu alaikumu. Kalata iyi akubweretserani ndi amalume eni ake, akwera ndi a Abdu mawa. Ndainamatiza bwino, koma ngakhale atsegule palibe chimene sindinawauze pamaso.

Mankhwala atsopano ayamba kugwira. Sabata yatha Che Halidi anayamba kugona bwino, osagwa. Lachitatu m'mawa ndili pa benchi yanga, chitseko chili chotsegula pang'ono, ndinamva mawu awo enieni, amene sindinawamve chiyambire Meyi. Anati, "Amalume? Mwabwera liti ku Joni? Safina wakupatsani madzi?"

Amalume anati, "Halidi, ukukumbukira zimene unanena pafoni?"

"Foni iti?"

Anawafotokozera zonse. Za Lachisanu lija, za ashehe, za mu mzikiti, za katundu. Zoti ine ndili m'khonde anamalizira. Ndiye Che Halidi analankhula pang'onopang'ono, poti lilime likulemerabe. Anati, "Amalume, mutu umene unadwala ndi wanga. Nanga wanu unatani?"

Amalume anatuluka n'kundipeza. Anati, "Lowa, akukuitana."

Alamu, sindikudziwa kumene mawu anachokera. Ndinati, "Ndilowe ngati ndani?"

Anati, "Lowa basi, usachulutse nkhani."

Sindinadzuke. Miyendo inkafuna, ndinaigwira ndi manja. Anesi a ku Chipata anaima chapatali ndi thireyi yawo, osasuntha. Amalume anavula kofia, n'kuivalanso. Kenako anati, "Ngati mkazi wake."

Ndinalowa. Zimene tinalankhulana ndi mlongo wanu ndi zathu.

Tsiku lomwelo amalume anaimbira ashehe a ku Namwera, n'kuwauza za chithupsa, za kugwa, ndi za ketulo yomwe. Ashehe akuti anangofunsa kuti, "Che Rahimu, bwanji simunanene poyamba?" Akuti palibe talaka imene inagwa, ukwati uli pomwe unali.

Ndiye amalume anabwera kwa ine ndi mawu ofewa. Ati zingotha mwakachetechete, anthu adzaiwala okha, katundu Che Zikani akabweza madzulo kukada. Ndakana. Dzina langa linatuluka mu mzikiti Lachisanu, amuna onse akumva. Libwerere mu mzikiti momwemo, Lachisanu, pakamwa pomwepo. Katundu anatuluka masana, abwerere masana, njira yake yomweyo yodutsa pamsika. Sindikufuna mbuzi yopepesera, sindikufuna nsalu. Amayi anga apite kuchigayo osafunda kumaso.

Musaganize kuti Che Halidi achira. Dzanja lamanzere silikugwira kapu, ndipo zinthu zina amaiwala. Adokotala akuti matendawa amatha kubwerera, ndiye sakulonjeza kanthu. Kumgodi mwina sadzatsikanso. Tikhala konkuno mpaka mankhwala athe, ine ndayamba kuchapira anthu ku Safari Gardens masiku ena, a Ofélia anandipezera. Mabotolo onse, awo ndi anga, ndawaika poonekera pamwamba pa tebulo. Wofuna kusuzumira asuzumire.

Akufuna alembeko okha pansipa. Musaseke zilembo.

Mlamu wanu,
Safina

Achemwali, ndine Halidi. Ndili moyo. Safina sindinamusiye ndipo sindidzamusiya. Ketulo yokha ndiyo ndaisiyadi, imadontha.

*

Namwera, Mangochi
18 Ogasiti 2024

Mlamu wanga Safina,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji kumeneko, iwe ndi odwala? Zilembo zake ndaziona, ndinalira, kenako ndinaseka, ana mpaka kudabwa.

Amalume anaima Lachisanu. Che Zikani ndi amene andifotokozera. Akuti analankhula motsitsa, akuyang'ana mkeka, mpaka mkulu wina kumbuyo anakuwa kuti, "Che Rahimu, sitikumva! Ulendo uja munkamveka mpaka kumsewu." Ndiye anabwereza mokweza. Anati anafulumira, mwana anali kudwala ubongo, ndipo Safina mwana wa Che Jafali ndi mkazi wa Halidi lero ngati kale.

Za kondaine ndinalemba ndine, palibe anandituma. Undikhululukire. Za mabotolo zili mumtima mwanga, sindinauze munthu.

Dzulo m'mawa ndinapita kwa amayi ako ndi ana anga kuti tikatenge katundu. Ndimayesa angotsegula chitseko ngati kale. Anaima pakhomo, nandiyang'ana, nati, "Pobweretsa munali anayi. Mubwere omwewo."

Ndinabwerera kukawaitana. Makina osokera ndinasenza ndine. Matiresi anasenza amalume, pamutu, dzuwa lili paliwombo, tsiku la msika.

Mlamu wako,
Mwanaidi